Kuyesa Linux pa diski yakunja osaononga Windows ndi mafayilo anu

Funso: Ndili ndi kamalo kotaipa ndi kusindikiza makalata pa boma lina m'chigawo chapakati. Laputopu yanga ndi ya HP, ndinagula yogwirapo kale ntchito. Ili ndi Windows 10 ndipo Windows 11 ikuikana. Mwana wa achimwene anga akuti ndiyese Linux Mint pa diski yakunja, ati sizikhudza chilichonse cha m'kati. Komatu mu laputopumu muli ntchito za makasitomala za zaka zambiri. Kodi n'zoona kuti palibe choopsa, nanga ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanayambe. Mwana wa achimwene anuyo wanena zoona, kungoti sanamalize. Kuyesera pa diski yakunja ndi njira yabwino, ndipo inenso ndi imene ndingakuuzeni kuti mutsate, koma diski yakunjayo payokha siiteteza kanthu. Chimene chingateteze ntchito za makasitomala anu n'chakuti pa nthawi yoika Linux, pulogalamu yoikirayo isathe kufika pa diski ya m'kati mwa laputopu. Kawirikawiri anthu amene amalira atayesa zimenezi amalira chifukwa diski ya m'katiyo inali pomwepo, ikuoneka pa mndandanda, ndiye china chake chinalembedwapo.

Kuda nkhawa ndi Windows 10 n'koyenera. Microsoft inaika tsiku la 14 Okutobala 2025 kukhala losiyira kutumiza kwaulere zokonza chitetezo cha sisitemu imeneyi, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri amene timagula atagwira kale ntchito kunja ndi akale kuposa pamenepo. Kompyuta imagwirabe ntchito ngati kale, koma mipata imene mbava za pa intaneti zikutulukira siitsekedwanso. Kwa inu amene mumalandira fulashi ya aliyense wolowa pakhomo, si nkhani yoizengereza.

Musanadawunilodi kalikonse, dziwani kuti mudzafuna zinthu zitatu zosiyana: fulashi ya 8GB yonyamulira Linux, diski yakunja imene mudzaikepo Linux, ndi diski ina yosungirapo mafayilo anu. Ziwiri zoyambazo zidzafufutidwa, sipadzatsala ngakhale chithunzi chimodzi. Ndimaona anthu akufuna kupulumutsa ndalama pokopera mafayilo awo pa diski yomweyo imene akufuna kuikapo Linux. Chonde mayi, musatero. Koperani zonse pa diski yachitatuyo, pamodzi ndi zimene zili pa Desktop ndi mu Downloads, poti ndi kumene ntchito za makasitomala zimaunjikana. Mukamaliza, tsegulani mafayilo angapo pa kompyuta ina muone ngati akutsegukadi, kenako zulani diskiyo muiike m'kabati. Isayandikirenso laputopu mpaka zonse zitatha.

Chachiwiri n'chimene ambiri sachidziwa n'komwe. Malaputopu ena, makamaka amene anachokera m'maofesi, diski yawo imakhala yokiyidwa ndi BitLocker, mwiniwake osadziwa, chifukwa Windows imadzitsegulira yokha poyaka. Mukasintha zinthu mu BIOS, kapulogalamu ka m'kati mwa kompyuta kamene kamayamba Windows isanayake, monga kuzimitsa chitetezo cha poyaka chotchedwa Secure Boot, Windows imaganiza kuti mwina kompyutayo yabedwa, ndiye imaonetsa sikirini yabuluu yofuna kiyi wa manambala 48. Popanda manambala amenewo palibe mmisiri amene angakutsegulireni, ngakhale atakulonjezani chotani. Choncho lembani BitLocker pofufuzira pa Windows, kapena onani Device encryption mu Settings. Ikakhala yoyatsa, pezani kiyiyo. Nthawi zambiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munalowera nayo. Mulembeni papepala, musamusunge mu laputopu momwemo. Kiyiyo akapanda kupezeka mu akaunti yanu, Windows ikadali yotseguka mungathe kumusunga mwatsopano kapena kuzimitsa BitLocker yonse. Chitani zimenezi musanakhudze BIOS.

Tsopano Linux Mint yeniyeniyo, sisitemu yoyendetsera kompyuta imene imagwira ntchito m'malo mwa Windows. Kusankha kwa mwanayo ndikugwirizana nako. Mint inayamba mu 2006, imamangidwa pa mtundu wina wa Linux wotchedwa Ubuntu, ndipo maonekedwe ake munthu wozolowera Windows sasochera nawo. Mint 22 inatuluka mu Julaye 2024 ndipo izilandira zokonza mpaka 2029. Eni ake amati imayenda pa RAM ya 2GB koma 4GB ndiye yabwino. Ngati yanu ili ndi 4GB kapena kucheperapo, tengani mtundu wa Xfce chifukwa ndi wopepuka kuposa wa Cinnamon. Fayilo yake, imene amaitcha ISO, imayandikira 3GB, ndiye konzani bandulo yokwanira kapena pitani pamalo pamene pali Wi-Fi yodalirika. Itengeni pa linuxmint.com pokha. Ikatha kutsika, yerekezani nambala yake ya SHA256 ndi imene alemba pa webusaitiyo. Pa Windows mumatsegula PowerShell, n'kulemba Get-FileHash ndi dzina la fayiloyo, ndipo pamatuluka mzere wautali wa zilembo ndi manambala umene uyenera kufanana ndendende ndi wawowo. Anthu amaona ngati n'kutaya nthawi, koma kuno intaneti imaduka pakati, fayilo n'kuoneka ngati yatha pomwe ina yaonongeka, kenako munthu n'kumati Linux ndi yovuta. Palinso china: mu Febuluwale 2016 webusaiti ya Mint inathyoledwa, ndipo kwa kanthawi anthu ankatumizidwa ku ISO yoikidwa msampha. Kuyambira pamenepo eni ake amalimbikitsa kwambiri kutsimikizira fayilo musanaigwiritse ntchito.

ISO imeneyi siikoperedwa pa fulashi ngati nyimbo. Imalembedwa ndi pulogalamu monga Rufus kapena balenaEtcher, zonse zaulere. Onetsetsani kuti pa nthawiyo fulashi imodzi yokhayo ndi imene ili pa kompyuta. Ndinenepo za mafulashi achinyengo, poti adzaza m'misika: fulashi yolembedwa 64GB kapena 128GB pomwe m'kati muli malo ochepa zedi, ndipo zimene zadutsa malirewo zimangosowa mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso, ndiye imaulula. Yesani nayonso diski yosungira mafayilo ija musanakoperepo mafayilo anu, ngati munagula motchipa kwambiri.

Fulashi ikakonzeka, zimitsani laputopu, ilowetseni, yatsani uku mukudina Esc mobwerezabwereza, kenako F9, ndipo pa HP padzabwera mndandanda wa zida zoyatsira kompyuta. Pa Dell ndi Lenovo batani lake ndi F12. Sankhani fulashiyo. Njira ya F9 imagwira ulendo umodzi wokha ndipo siisintha dongosolo la BIOS, n'chifukwa chake ndimaikonda. Secure Boot musathamangire kuizimitsa, chifukwa Mint ndi Ubuntu zamakono zimayaka ili yoyatsa pa makompyuta ambiri. Mukakhala mu BIOS musakhudzenso pamene palembedwa RAID, RST kapena AHCI, ngakhale mutawerenga penapake kuti musinthe. Kusintha pamenepo kumachititsa Windows kukana kuyaka.

Chimene chidzayake ndi Mint yongoyesera. Imayenda kuchokera pa fulashi ndi mu RAM, siilemba kanthu pa diski ya m'kati pokhapokha inuyo mutatsegula diskiyo dala, ndipo mukazimitsa zonse zimene munachita zimaiwalika. Apa ndi pamene mawu a mwana uja ali oona kwathunthu. Ndikupemphani kuti mukhalitse pa gawo limeneli, chifukwa mafunso ambiri amene angakuuzeni ngati Linux ikukuyenerani amayankhidwa pompano, musanagule n'komwe diski yakunja.

Yambani ndi purinta, poti ndi imene imakudyetsani. Ilumikizeni musindikize tsamba, kenako yesani sikana. Mapurinta ambiri a HP amadziwika okha pa Linux, pomwe ena a makampani ena amafuna madiraiva apadera, ndipo zimachitika kuti kusindikiza kukutheka koma sikana ikukana. Onani Wi-Fi. Malaputopu ena akale a HP ali ndi kachipangizo ka Broadcom kamene sikagwira mpaka mutaika diraiva kudzera mu Driver Manager. Zikatero lumikizani foni ya Android ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering, mudzakhala pa intaneti nthawi yomweyo. Kenako tengani makalata anu enieni pa fulashi ina, ovutawo, okhala ndi matebulo, zithunzi ndi mizere ya m'mbali, muwatsegule mu LibreOffice imene imabwera ndi Mint. Microsoft Word ya pa kompyuta siiyenda pa Linux. LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, koma kalata ya masamba awiri ikhoza kusefukira pa lachitatu chifukwa zilembo za Calibri ndi Cambria kulibe. Pali zina zolingana nazo kukula, Carlito ndi Caladea, zimene zimachepetsa vutoli, ndipo Times New Roman ndi Arial zimatheka kuziika. Liwiro lokha musaliweruze pa gawo ili. Fulashi wamba ndi yochedwa, ndipo ingakunamizeni kuti Mint ndi yaulesi.

Ngati zimenezi zakukhutiritsani, ndiye mwafika poika Mint yonse pa diski yakunja, kuti muzigwirira ntchito kwa milungu ingapo, mapulogalamu ndi mafayilo anu zikusungika. Rufus ili ndi njira yosiya malo pa fulashi kuti Mint yoyesera ija izikumbukira zimene mwachita, koma kwa munthu wa bizinesi sindiilimbikitsa. Imachedwa, imaonongeka msanga, ndipo fulashi siinapangidwire kulembedwa kosalekeza kumene sisitemu imachita. Gulani SSD, diski yachangu yopanda zozungulira m'kati, ya 120GB kapena 128GB ndi kabokosi kake ka USB 3.0, muzilowetsa pa bowo la buluu m'kati kapena lolembedwa SS. Kusiyana kwake n'kwakukulu: USB 2.0 imalekezera pa 480 megabiti pa sekondi, pomwe USB 3.0 imafika 5 gigabiti, kuposa kakhumi. Hadi diski yakunja yozungulira ija ingagwirenso, koma ndi yochedwa ndipo ikagundidwa ikuyenda imaonongeka.

Apa tsopano ndi pamene pali ngozi, ndipo ngozi zake ndi ziwiri. Yoyamba n'njoonekeratu: kusankha diski yolakwika. Linux siitchula ma diski kuti C kapena D. Imati sda, sdb, kapena nvme0n1, ndipo maina amenewa angathe kusinthana malinga ndi chimene chadziwika poyamba. Pulogalamu yoikira ili ndi mzere wakuti Erase disk and install Linux Mint. Munthu akadina pamenepo diski yosankhidwa ili ya m'kati, Windows ndi zonse zimapita m'kamphindi. Palinso mzere wakuti Install alongside, umene umachepetsa chigawo cha Windows n'kuika Mint m'kati momwemo, zimene inu simukufuna.

Yachiwiri ndi yobisika, ndipo imagwira ngakhale munthu wosamala amene wasankha diski yolondola. Makompyuta a zaka zaposachedwa amayaka ndi dongosolo la UEFI. Pa diski pamakhala kagawo kakang'ono, nthawi zambiri ka pakati pa 100MB ndi 500MB, kotchedwa EFI, komwe kumakhala timapulogalamu toyatsira sisitemu. Kagawoka kali ngati khomo la nyumba: zipinda zili m'kati, koma aliyense amalowera pamenepo. Pulogalamu yoikira imene Mint imagwiritsa ntchito, imene inachokera ku Ubuntu, ili ndi chilema chodziwika kwa zaka zambiri. Ngakhale muiuze kuti choyatsira Linux, chotchedwa GRUB, chipite pa diski yakunja, iyo imakonda kuchiika mu kagawo ka EFI koyamba kamene yapeza, kamene ndi ka Windows. Zotsatira zake, Linux ili kunja koma khomo lake lili pa diski ya m'kati. Diski yakunja ikadali yolumikiza zonse zimaoneka bwino. Tsiku limene mudzayatse laputopu mutaizula, mudzaona sikirini yakuda yolembedwa grub ndi kamzere kophethira, Windows osaoneka. Mafayilo amakhala alipo ndithu, ndipo kukonza kwake n'kulowa mu BIOS ndi F10 n'kubwezera Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda. Koma ndi pa mphindi imeneyi pamene munthu amachita mantha, n'kuthamangira kwa wokonza amene yankho lake loyamba ndi kufomata. Komanso diski yakunja yotereyi siingayake pa kompyuta ina iliyonse.

Ngozi ziwiri zonsezi zimatha ndi chinthu chimodzi: kuchotsa diski ya m'kati musanayambe kuika. Zimitsani laputopu kwathunthu, zulani chaja, chotsani batire ngati limachoka, masulani chivundikiro cha pansi, n'kusolola diskiyo. Pa ma HP ambiri akale a m'maofesi ndi ntchito ya masikuluu ochepa. Ngati manja anu sanazolowere, pitani nayo kwa mmisiri, achotse inu mukuona, ndipo diskiyo muisunge nokha m'chikwama. Ikachoka, pa mndandanda padzatsala SSD yakunja yokha, ndiye Erase disk ija siingaphonye, ndipo kagawo ka EFI kadzapangidwa pa SSD pomwepo popeza kulibenso kwina. Onanibe kukula kwa diski kumene kwalembedwa musanadine kuti ipitirize. Mukamaliza, yatsani Mint kuchokera pa SSD kamodzi muone kuti ikuyakadi, zimitsani, bwezerani diski ya m'kati, ndipo yang'anani mu BIOS kuti Windows Boot Manager ndiye ali pamwamba. Mint nthawi zambiri imaoneka ndi dzina la ubuntu pa mndandandawo, musadabwe. Kuyambira pamenepo, kuyatsa wamba kukupatsani Windows, ndipo F9 ikupatsani Mint.

Malaputopu ena opyapyala diski yawo ndi yowotcherera, siichoka. Zikatero onani ngati BIOS ikulola kuzimitsa diski ya m'kati. Ikapanda kulola, kaikireni Mint pa kompyuta ina imene diski yake yachotsedwa, bola nayonso iyake ndi UEFI. Linux imazindikira zida za kompyuta nthawi iliyonse ikamayaka, choncho SSD yoikidwira kwina nthawi zambiri imayaka bwinobwino pa yanu. Pali njira inanso imene mungaimve, yogwiritsa ntchito pulogalamu ya GParted kuchotsa kwa kanthawi chizindikiro cha esp pa kagawo ka Windows kuti pulogalamu yoikira isakaone. Imagwira ndithu, ndipo akatswiri amaichita, koma kwa inu ndikuikana, chifukwa ikufuna kuti musinthe zinthu pa diski yomwe ija tikuyesetsa kuti isakhudzidwe, ndipo mukaiwala kubwezera chizindikirocho Windows ikhoza kukana kuyaka.

Ntchito yoikayi ichitike batire lili lodzaza ndipo chaja chili pamoto. Ngati batire linafa kale, sankhani nthawi kapena malo amene magetsi sakuyembekezeka kuthima, chifukwa ikadukira pakati mudzayambiranso. Pa nthawi yoika mudzaonanso mwayi wokiya diski kapena foda yanu ndi mawu achinsinsi. Kwa inu ndikuti kiyani. Diski yakunja imalowa m'thumba mosavuta, ndipo pa malo ngati anu pamadutsa ma CV, makalata a kubanki ndi zitupa za anthu. Mawuwo mukawaiwala zonse zapita, ndiye alembeni pamalo obisika.

Mukayamba kusinthasintha pakati pa ziwirizi mudzaona zinthu zingapo zimene zingakudzidzimutseni. Wotchi ya Windows idzatsalira ndi maola awiri. Sikuti china chaonongeka. Linux imasunga nthawi ya UTC, imene maiko onse amawerengerapo nthawi yawo, mu wotchi ya m'kati mwa kompyuta, Windows imawerenga wotchi yomweyo ngati nthawi ya kwanuko, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Mu Mint tsegulani Terminal mulembe timedatectl set-local-rtc 1, vutolo litha. Musalisiye, chifukwa makalata ndi malisiti azidzatuluka ndi nthawi yolakwika. China, mukafuna kutsegula mafoda a Windows muli mu Mint, mwina idzakana kulembamo. Windows ili ndi Fast Startup, imene imachititsa kuti isazime kwenikweni koma igone, ndiye Linux imapewa kukhudza diski yogona kuti isaononge. Kukana kumeneko kukukutetezani. Pa milungu yoyeserayi ndingakonde kuti musalembe chilichonse pa diski ya Windows, muzisamutsa mafayilo ndi fulashi yofomatidwa mwa mtundu wa exFAT imene zonse ziwiri zimawerenga. Komanso mukalumikiza SSD kapena fulashi ya Mint muli mu Windows, nthawi zina idzakuuzani kuti diskiyo ikufunika kufomata, chifukwa siidziwa kuwerenga ext4, dongosolo limene Linux imasungira mafayilo. Dinani Cancel nthawi zonse, ndipo muuzeni aliyense wokuthandizani pa shopupo.

Chingwe cha SSD chisagwedezeke Mint ikuyenda. Sisitemu yonse ikudutsa pa chingwe chimenecho, ndipo chikazuka kompyuta imauma pomwepo, zimene simunasunge n'kutayika. Ikani SSD kumbali imene makasitomala safikako, ndipo pomaliza ntchito muzizimitsa laputopu, osangoitseka chivundikiro.

Pali funso limodzi limene diski yakunja siingakuyankhireni mwa iyo yokha, ndipo ndi la mapulogalamu amene mumapangira makadi aukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani. Malo ambiri ngati anu amadalira Publisher, CorelDRAW kapena Photoshop, ndipo zonsezi zilibe mtundu wa Linux. Kuli Scribus, Inkscape ndi GIMP, zaulere ndiponso zamphamvu, koma zimafuna kuziphunzira mwatsopano, ndipo mafayilo anu akale sadzatseguka onse monga munawasiyira. Pa milungu yoyeserayo pangani dala khadi limodzi lathunthu mu Inkscape kapena Scribus, kuyambira pachiyambi mpaka kulisindikiza, muone nthawi imene lakutengerani. Likakuvutani kwambiri, simukukakamizidwa kusankha imodzi n'kutaya inzake. Mungathe kusiya Windows 10 pa diski ya m'kati kuti izigwira ntchito ya makadi yokha, yosalumikizidwa pa intaneti ndiponso yosalandira mafulashi a anthu, pomwe kutaipa, imelo, WhatsApp Web ndi mafulashi a makasitomala zonse zizidutsa pa Mint, imene mavairasi a Windows obwera pa mafulashiwo sayendapo.